Mwana wa mu Ng'ombe akawerengere kuti?

Kuchokera mu Ng'ombe kukafika pa yunivesite ya UNZA ndi ulendo wa pansi. Ambiri a ife timadzera njira yomweyo m'mawa uliwonse, kudutsa mu Roma ndi Kalundu, ena kukagwira ntchito za m'nyumba, ena ulonda, ena kukagulitsa masamba. Pa yunivesitepo pali laibulale imene ili m'gulu la zazikulu kwambiri m'Zambia muno. Koma mwana wa giredi 7 wa m'komboni mwathu sapitako, ndipo palibe woimbidwa mlandu, poti nyumbayo anaimangira ophunzira a pa yunivesite ndi ofufuza. Laibulale ya khonsolo ili m'tauni, mumsewu wa Katondo, ndipo nthambi zake zili ku Chilenje, ku Matero ndi ku Mtendere. Kwathu kuno kulibe. Kuti mwana akafike ku Katondo pafunika ndalama ya basi yopita ndi yobwerera, ndipo m'nyumba zambiri ndalama imeneyo ndiyo ya ndiwo za tsikulo.

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina m'komboni muno, ndipo dandaulo lakuti ana a masiku ano sawerenga ndalimva mpaka makutu kuwawa. Amalinena makolo, amalinena abusa pa guwa, timalinenanso ife aphunzitsi tikamachonga mayeso. Koma odandaulawo kawirikawiri safunsa kuti mwanayo awerengere pati. Nyumba zambiri kuno ndi za lendi, chipinda chimodzi kapena ziwiri, m'menemo anthu 6 kapena 7. Tebulo likakhalapo ndiye pamakhala mbale ndi ndowa ya madzi. Kukada, wina akupemerera mbaula, wina akusambitsa khanda, kuseri kwa khoma bala yatsegula nyimbo mpaka pakati pa usiku. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti ankazima tsiku lonse n'kubwera anthu atagona. Masiku amenewo mtsikana wina wa m'kalasi langa, wanzeru zake ndithu, anabwera osalemba ntchito ya kunyumba. Nditamufunsa anayang'ana pansi nati, "Aphunzitsi, kandulo inali imodzi, ndiye amayi anali kuphikira." Ndinasowa chomuyankha. Ulesi mwanayu analibe. Ankasowa pokhala ndi kuwala.

Kuyambira pamenepo, ndikamawerenga mbiri ya malaibulale ndimakhala ndi funso limodzi: pa nyengo iliyonse, khomo linali lotsegukira ndani? Olemba mbiri amakonda kutiuza kuchuluka kwa mipukutu ndi kukongola kwa zipilala. Ine ndimafuna kudziwa amene ankalowa ndi amene ankatsala panja.

Tiyambe ndi Nineveh, mzinda uja mneneri Yona anauthawa. M'zaka za m'ma 600 Yesu asanabadwe, mfumu ya kumeneko, Ashurbanipal, inatuma alembi ake m'mizinda ndi m'makachisi a dziko la Babylonia kuti akasonkhanitse zolembedwa zimene akanazipeza. Nthawi imeneyo ankalemba pa mapale a dongo laliwisi, kudinda ndi kabango kenako kuyanika. Munali za mankhwala, za nyenyezi, za maula, mapemphero, makalata a boma, ndi nthano ya Gilgamesh imene mkati mwake muli nkhani ya chigumula. Adani atatentha mzindawo mu 612 BC, moto umene ukanapsereza mapepala unangowotcha mapalewo n'kuwalimbitsa, ndipo anagona pansi pa phulusa mpaka cha m'ma 1850 pamene Austen Henry Layard ndi Hormuzd Rassam anawafukula. Mapale ndi zidutswa zoposa 30,000 zili ku British Museum mu London lero. Pa mapale ena alembi ankalembapo matemberero kwa aliyense amene angawabe kapena kufafaniza dzina la mfumu. Inali laibulale ya munthu mmodzi, yomuthandiza kulamula ndi kudziwiratu tsoka lisanamugwere. Mlimi wa m'mbali mwa mzindawo sankadziwa n'komwe zimene zinali mkatimo.

Ya ku Alexandria, m'dziko la Egypt, ndiyo yotchuka koposa, ndipo ife a mu Africa timanyadira kuti inali pa nthaka yathu. Mafumu a banja la Ptolemy anaiyambitsa m'zaka za m'ma 200 BC ali ndi khumbo loti buku lililonse la pa dziko lapansi lipezeke pamalo amodzi. Olemba akale amasimba kuti sitima ikakocheza pa doko, mabuku opezeka m'menemo ankalandidwa n'kukopedwa, mwini wake n'kupatsidwa kope latsopano, lenileni lija n'kutsala. Kumeneko Callimachus anakonza mndandanda wa olemba ndi mabuku awo, ntchito imene oyang'anira malaibulale akuigwirabe mpaka lero, ndipo Eratosthenes, amene anali mkulu wa laibulaleyo, anayeza kukula kwa dziko lapansi poyang'ana mthunzi wa dzuwa. Komabe olowamo anali akatswiri odyetsedwa ndi mfumu. Za kutha kwake anthu amakonda kutchula moto wa pa nkhondo ya Julius Caesar mu 48 BC, chonsecho laibulaleyo inapitirira motowo utazima, ndipo inafa pang'onopang'ono: akatswiri kuthamangitsidwa pa mikangano ya ufumu, ndalama kuchepa, mipukutu ya gumbwa kufumbwa popanda woikopanso. Imfa yotereyi ndiyo ndimaiopa ine, chifukwa ndaiona ndi maso m'masukulu athu. Kabati ya mabuku yokhoma, kiyi anapita naye mphunzitsi amene anasamutsidwa, chiswe chili pa ntchito mkatimo, ana ali panja.

Zaka mazana ambiri zotsatira ndingozidutsa mothamanga. Ku Ulaya mabuku ankasungidwa ndi amonke amene ankawakopa pamanja, ndipo buku linali lodula mwakuti ankalimanga ndi unyolo pa shelefu. Ku tchalitchi chachikulu cha Hereford ku England maunyolowo alipobe. Johannes Gutenberg atayamba kusindikiza ndi makina cha m'ma 1450 mabuku anachuluka n'kutsika mtengo, koma wosauka anadikirabe zaka zina 400. Ku Timbuktu, m'dziko la Mali, ndiye ndiimeko pang'ono. Kumeneko mabuku olembedwa pamanja m'zilembo za Chiarabu, a chipembedzo, malamulo, masamu ndi mankhwala, ankasungidwa ndi mabanja, kholo kusiyira mwana, m'mabokosi ndi m'zipinda zamkati. Zigawenga zitalanda mzindawo mu 2012, Abdel Kader Haidara ndi anzake anazembetsa zolembedwa zoposa 300,000 m'mabokosi achitsulo, zina pa galimoto, zina pa mabwato mumtsinje wa Niger, mpaka ku Bamako. Pothawa mu Januwale 2013 zigawengazo zinatentha mabuku pafupifupi 4,000 a pa Ahmed Baba Institute, koma ochulukawo anali atachoka kale. Anawapulumutsa ndi anthu wamba, poti anali a makolo awo.

Ganizo lakuti mwana wa wantchito alowe m'nyumba ya mabuku osalipira kanthu ndi ladzuloli. Ku Britain lamulo lolola makhonsolo kutolera msonkho wa malaibulale a anthu onse linakhazikitsidwa mu 1850, ndipo ngakhale pamenepo aphungu ena analikana. Kenako kunabwera Andrew Carnegie, mwana wa woomba nsalu wa ku Scotland amene anakalemera ndi chitsulo ku America. Ndalama zake zinamanga malaibulale 2,509 pakati pa 1883 ndi 1929. Sindimutama pa zonse, pakuti antchito a m'mafakitale ake anamva zowawa. Koma ali mnyamata wotumidwa kukapereka matelegalamu, iye ankabwereka mabuku kwa Colonel James Anderson, amene ankatsegulira anyamata ogwira ntchito mabuku ake 400, ndipo sanaiwale chimene buku lobwereka limachita m'moyo wa wosauka. Lamulo lake linali lakuti iye amanga nyumba, koma tauni ipereke malo, ilonjeze kulipira wantchito ndi kugula mabuku chaka ndi chaka, ndipo aliyense azilowa ulere. Amayi a mu Ng'ombe sangalione lachilendo ganizo limeneli, chifukwa ndi chilimba basi. Palibe mmodzi wa ife amene angagule mabuku zikwi, koma tikasonkha tonse, aliyense amalandira pa nthawi yake n'kubweza kuti mnzake alandirenso.

Kuno kwathu malaibulale a mabuku anabwera ndi atsamunda, ndipo khomo lake linali lopapatiza. Yoyamba yodziwika inatsegulidwa ku Livingstone mu 1908, yolipira, ya azungu. Bungwe limene lero timalitcha Zambia Library Service linayamba mu 1962 ndi thandizo la Ford Foundation, kutatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu, ndipo linafikitsa malaibulale ku Chipata, Choma, Kasama, Mansa, Mongu ndi Solwezi. Mu 1964 dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha amene anamaliza yunivesite, choncho njala ya mabuku inali yaikulu ndipo boma latsopano linaimva. Chimene sichinachitike n'chakuti malaibulale atsatire anthu kumene anthuwo anasamukira. Lusaka anakula, makomboni anadzaza. Kanyama, Chawama, George, Kalingalinga ndi Ng'ombe anayamba ngati malo osavomerezeka, munthu kungofika n'kuumba zidina zake, ndiye pa mapu a okonza mzinda panalibe malo a laibulale, ngakhale a ngalande imene. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo ambiri mwa iwo tili m'makomboni.

Sindikunena kuti tisanaone pepala tinalibe posungira nzeru. Ine ndinakulira kwa agogo ku Katete, kumene madzulo ankathera pamoto ndi nthano ndi zilapi. Anyamata ankamva zawo kumphala, atsikana kwa anamkungwi, ndipo mibadwo ya mafumu inkakhala m'mitu ya nkhalamba zodziwa kuitchula osalumpha dzina. Nzeru zimenezi nazo zinali ndi makomo ake, poti za kudambwe sankauza wosalowa. Koma nthano inali ya mwana aliyense, wa mfumu ndi wamasiye yemwe. Wailesi itabwera inatenga nthano n'kuzifikitsa kutali. Amene tinakula tikumvera Poceza m'Madzulo wa Julius Chongo timakumbukira mmene khonde lonse linkakhalira zii kuzungulira wailesi imodzi. Ndipo kunali mabuku m'chilankhulo chathu: Fumbi Khoboo la Chongo yemweyo, Nthondo ndi Mbiri ya Achewa a Samuel Josia Ntara, ndi timabuku tambirimbiri timene Publications Bureau ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, yoyambitsidwa mu 1948, inasindikiza, osindikiza mabuku a NECZAM n'kupitiriza ufulu utabwera. Ambiri mwa mabuku a nthawi imeneyo anasiya kusindikizidwa kalekale. Mu 2014 boma litalamula kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za kuno, ife a mu Lusaka tinapatsidwa Chinyanja, ndipo ndinakondwera. Koma mwana akadziwa kulumikiza zilembo amafuna nkhani yoti ameze, ndipo apa ndi pomwe manja athu anali opanda kanthu. M'komboni agogo ali kutali kumudzi, amayi abwera ku ntchito atatheratu. Wosimba nthano palibe, buku la nthano palibenso.

Pali malo amodzi pafupi nafe pamene ndinaona yankho ndi maso anga. Jane Kinney Meyers, katswiri wa malaibulale wa ku America amene anagwirapo ntchito ku Malawi, ankawerengera mabuku ana a mumsewu pa Fountain of Hope ku Kamwala, ndipo anayamba ndi mabuku oikidwa m'kontena yakale ya katundu. M'menemo ndi momwe munatuluka bungwe la Lubuto, limene linatsegula laibulale yake yoyamba pamalo pomwepo mu 2007, yachiwiri pa sukulu ya Ngwerere m'komboni ya Garden mu 2010, ndi ina ku Nabukuyu kufupi ndi Monze mu 2014. Nyumba zake n'zozungulira, zofolera ndi udzu, zooneka ngati za kumudzi, mwakuti mwana saopa kuyandikira. Nditapita ku Garden ndi ana a m'kalasi langa, chimene chinandigwira mtima sichinali kuchuluka kwa mabuku. Pakhomo panalibe wofunsa yunifolomu, nsapato kapena lipoti la sukulu. Mwana amene sanapondepo m'kalasi anali atakhala pansi limodzi ndi wa giredi 9, wina akuwawerengera mokweza, ena akujambula, ena akukonzekera sewero. Mnyamata wina mwa ana anga, wosayankhula m'kalasi, anandikoka dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi mawa amatsegulanso?" Bungwe lomweli linagwira ntchito ndi aphunzitsi ndi achinyamata a kuno kupanga maphunziro 700 a kuwerenga pa kompyuta m'zilankhulo 7 za m'Zambia, Chinyanja chili momwemo, ndipo linajambula mabuku akale a nthano za m'dziko muno n'kuwaika pa intaneti. Vuto n'lakuti kuchokera mu Ng'ombe kukafika ku Garden ndi mtunda woti wamkulu ayenda, koma mwana wa zaka 8 sungamutume yekha, makamaka dzinja mitsinje ndi ngalande zikadzaza.

Amene amakayikira ngati kachipinda ka mabuku kangasinthe kanthu akumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi. Njala ya 2001 ndi 2002 itamutulutsa ku sekondale chifukwa chosowa fizi, ankapita ku kalaibulale ka pa pulaimale ya kwawo. M'menemo anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, koma anatsatira zithunzi, mayi woyang'anira mabukuwo akumuthandiza ndi mawu ovuta, mpaka anamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi zitsulo zotola kudzala ali ndi zaka 14. Anthu amakumbukira makinawo. Ine ndimakumbukira kuti mwana wopanda fizi anamulola kulowa, ndipo munali munthu wamkulu woti amufunse.

Tsopano pali amene amandiuza kuti zonsezi zinatha ntchito, laibulale ili m'thumba la aliyense. Sindinyoza foni ayi. Intaneti inalowa m'Zambia mu 1994 kudzera ku Zamnet, imene inabadwira pa UNZA pompa, ndipo tinali m'gulu la mayiko oyamba kuilandira kuno kummwera kwa Sahara. Project Gutenberg, imene Michael Hart anaiyambitsa mu 1971, lero ili ndi mabuku oposa 70,000 aulere. Pa African Storybook pali nthano za ana m'zilankhulo za mu Africa, Chinyanja chomwe, ndipo ndimazigwiritsa ntchito m'kalasi. Ana a giredi 12 amatumizirana mapepala a mayeso akale pa WhatsApp, zimene ife pa msinkhu wawo sitinkazilota. Ndipo laibulale ya yunivesite ya Mzuzu itapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi, aliyense anaona ubwino wosunga makope pa kompyuta. Khumbo lija la mafumu a ku Alexandria, loti mabuku onse akhale pamodzi, latsala pang'ono kutheka.

Koma bwerani nayo foniyo mu Ng'ombe muione bwino. M'nyumba zambiri foni yotha kutsegula intaneti ndi imodzi, ndipo imachoka m'mamawa ndi abambo kapena amayi, poti ndiyo ya bizinesi ndi yolandirira ndalama. Ikabwera madzulo batire latha, malaiti kulibe. Bandulo ikagulidwa ndi ya tsiku limodzi, ndipo mwana akangotsegula vidiyo ya masamu yatha, akalipiridwa. Ikakhalapo yokwanira, pa kagalasi komweko pali Facebook ndi TikTok zimene zinapangidwa ndi akatswiri kuti maso asachokepo. Munthu wamkulu amene zimamugonjetsa, nanji mwana wa zaka 12. Ndiye pali chilankhulo. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, pamene ya Chichewa sinafike n'komwe 2,000. Mwana amene akuphunzira kumene kuwerenga akalowa pa intaneti amapeza kuti pafupifupi zonse zikuyankhula chilankhulo chimene iye sanachigwire. Ndipo palibe womuuza kuti ichi n'choona, ichi ndi bodza la wogulitsa mankhwala. Kale vuto linali kusowa kwa zowerenga, lero pawonjezekera vuto la kusankha, ndipo kusankhako ndi ntchito imene woyang'anira laibulale anaiphunzira. Khomo la intaneti amati ndi lotseguka kwa onse, koma pakhomopo pamafunika foni, magetsi, bandulo ndi Chingerezi. Ana anga ambiri alibe ngakhale ziwiri mwa zimenezi.

Choncho kwa ine laibulale ya m'nyengo ya makompyuta ikufunika kwambiri m'komboni kuposa ku Kabulonga, kumene mwana ali ndi chipinda chake, tebulo lake ndi intaneti ya m'nyumba. Imene ndikuipempha si nyumba yosanja. Ndi holo imodzi yokhala ndi matebulo ndi mipando, magetsi a sola kuti kuwala kusadalire Kariba, chimbudzi chaukhondo, makompyuta ochepa ndi intaneti yolipiridwa ndi khonsolo, mashelefu a mabuku a Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi osankhidwa ndi munthu wodziwa ana, osati makatoni a mabuku otha ntchito amene ena akufuna kutaya. Itsegulidwe mpaka 8 koloko usiku ndi Loweruka lomwe. Koposa zonse mukhale wantchito wophunzira ntchitoyo, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, chifukwa popanda iye tidzakhala tamanga kabati ina yokhoma. Nkhalamba zimene zilipo m'komboni muno ziziitanidwa kudzasimba nthano, achinyamata n'kumazijambula mawu kuti zisungike. Amayi a pa msika amene akufuna kulemba fomu ya ngongole, mnyamata amene akufuna kulemba kalata yofunsira ntchito, onsewa ndi ake a nyumbayo.

Malo asatiwopseze. Mu Ng'ombe momwemuno bungwe la Chikumbuso, limene linayamba mu 2005 ndi amayi amasiye oluka zikwama ndi mapulasitiki, linatenga nyumba imene inali bala n'kuisandutsa sukulu. Ndalama nazo zilipo kuposa kale. Mu 2022 thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zimene ndalamazo zigwire zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, kumene ife eni ake timaloledwa kuyankhula. Timapempha misewu, ngalande, madesiki ndi zipatala, ndipo zonsezo n'zofunika. Laibulale sitiipempha chifukwa ambiri a ife sitinalowemo, ndiye sitidziwa chimene tikumanidwa.

A khansala athu, abusa, aphunzitsi anzanga ndi inu makolo a mu Ng'ombe: msonkhano wa komiti ya wodi ukaitanidwanso, tiyeni tikapezekeko, tikaimike dzanja, ndipo laibulale ya ana athu ikalembedwe pa mndandanda wa chaka chino.